GitHub ndi mapulogalamu amene timalemba tikaweruka

Pulogalamu imene munthu amalemba mwa kufuna kwake akaweruka kuntchito ilibe bwana woifunsa kapena tsiku loiperekera, n'chifukwa chake yambiri imafera m'kompyuta itangoyambika. Ndimasunga ntchito zanga zotere pa akaunti yaulere ya GitHub, webusaiti imene olemba mapulogalamu amasungirapo code, kutanthauza malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu. Zoti ndi malo odalirika osungira code sindikukayika, koma chimene ndikufuna kuunika pano n'chakuti kodi malowa amathandizadi munthu kuti asagwe ulesi.

GitHub inayamba mu 2008, ndipo Microsoft inaigula mu 2018 pamtengo wa madola 7.5 biliyoni, koma kwa ife chaka chofunika ndi 2019, pamene osalipira analoledwa kukhala ndi ma repository (mafoda osungiramo code ya pulogalamu) achinsinsi mopanda malire. Kale wosalipira ankayenera kuika poyera ntchito yake yosatha, ndipo manyazi okhawo ndi okwanira kulepheretsa munthu kuyamba.

Chimene maso amayamba kuona patsamba la munthu ndi tchati cha timabokosi, kabokosi kalikonse kuimira tsiku limodzi la chaka, ndipo kamabiriwira kwambiri zochita za tsikulo zikachuluka. Masabata oyambirira tchatichi chimakoka mtima, moti munthu safuna kugona kabokosi ka lero kali kopanda mtundu. Vuto lake n'lakuti chimawerenga kuchuluka kwa ma commit (kusunga kulikonse kwa zimene wasintha mu code) osati kulemera kwake, choncho kukonza kachilembo kamodzi mu README (fayilo yofotokoza pulogalamu) kumaoneka chimodzimodzi ndi kuthetsa vuto limene linakusowetsa tulo. Komanso ntchito ya pa branch yapambali (nthambi ya code yoyeserapo zosintha) siiwerengedwa mpaka italowetsedwa mu branch yaikulu, moti sabata imene wagwira ntchito molimbika ikhoza kuoneka ngati unangokhala. Mu 2016 GitHub inachotsa nambala yosonyeza masiku otsatizana amene munthu walemba code, ndipo ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa nambala yotero ikaduka tsiku limodzi, kaya chifukwa cha maliro kapena matenda, imapweteketsa mtima kuposa mmene inalimbikitsira.

Thandizo lenileni ndalipeza pa Issues, gawo lolembamo zovuta ndi ntchito zotsala, limene anthu ambiri amaliona ngati la magulu akuluakulu okha. Chimene chimapha ntchito ya madzulo si kutopa kokha ayi, koma kutsegula laputopu patatha milungu iwiri osakumbukira pamene unalekezera. Pa pulogalamu yanga yowerengera ndalama za banki m'khonde, ndisanazimitse kompyuta ndimalemba mu Issues chinthu chimodzi chaching'ono chotsatira, monga chakuti chiwongoladzanja chikulakwika membala akabweza ngongole m'magawo awiri. Ndikabwerera sindiyamba ndi kusinkhasinkha pulogalamu yonse, ndimangotenga kanthu kameneko. Ukalemba "fixes" ndi nambala ya Issue mu uthenga wa commit, Issue ija imadzitsekera yokha ntchitoyo ikafika mu branch yaikulu, ndipo kuona mndandanda ukufupika kumandipatsa mphamvu kuposa mtundu uliwonse wa patchati.

Kwa ife amene timagula bandulo mowerengera, n'zothandiza kuti Git, pulogalamu yopangira ma commit imene Linus Torvalds analemba mu 2005, imagwira ntchito popanda intaneti. Magetsi akazima ukhoza kupitiriza ma commit ndi batire ya laputopu n'kudzatumiza zonse mawa, ndipo tchati chimatsatira tsiku limene commit inapangidwa. Koma Issues imafuna netiweki. Codespaces, njira yolembera code pa makompyuta a GitHub kudzera pa intaneti, imene imapatsa wosalipira maola 60 pamwezi pa makina aang'ono, ndi yabwino kwa wokhala ndi kompyuta yofooka, koma popanda intaneti yokhazikika phindu lake ndi lochepa.

Amene akuyembekeza kuti alendo adzapeza ntchito yake n'kuiyamikira ndi nyenyezi (chizindikiro chimene anthu amadina pa GitHub akaikonda ntchito) adzakhumudwa, chifukwa repository yatsopano imakhala duu, palibe woiona. Oonerera uyenera kuwaitana wekha, ndipo apa GitHub Pages imathandiza: imaika tsamba pa intaneti kwaulere, ndipo ulalo wake ukhoza kuutumiza pa WhatsApp kwa mlembi wa gulu kuti ayese pafoni yake. Munthu mmodzi akafunsa kuti gawo la chindapusa litha liti, ntchito imayambanso kuyenda. Koma Pages imangonyamula masamba osafuna seva, choncho pulogalamu ikafika pofuna database yosungiramo zimene anthu akulowetsa, pamafunika kupeza malo ena oiyendetsera.