Singin' in the Rain pa Blu-ray: nyenyezi 4 mwa 5

Chimbalechi chinafika bwinobwino, kungoti kabokosi kake kanang'aluka pakona, mwina m'njira. Chithunzi ndiye choyera zedi. Filimuyi ndi ya MGM, ya mu 1952, koma mitundu ya Technicolor ikuwala moti majasi achikasu a mvula aja kumayambiriro amachita kuthobwa m'maso.

Nkhani yake ikuchitika ku Hollywood mu 1927, pamene mafilimu opanda mawu ankatha fasho. Tsoka likugwera Lina Lamont, katswiri wa mafilimu oterewa, mkazi wokongola koma wa mawu olasa m'khutu. Maikolofoni ayibisa m'chitsamba, iye akulankhulira kwina. Ayisokera pachifuwa cha diresi, ikungotola kugunda kwa mtima wake. Apa tinaseka mpaka misozi. Jean Hagen, amene anasewera Lina, anapikisana nawo pa mphoto ya Oscar, ndipo kwa ine nthabwala za filimu yonseyi wazisenza ndi iyeyo.

Koma chogulira chimbalechi ndi magule. Gene Kelly ndi Stanley Donen, amene anatsogolera kujambula, amakuonetsani wovina yense, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kamera osadumphadumpha, ndiye palibe pobisala. Taonani Donald O'Connor mu "Make 'Em Laugh": agwa chagada, alimbana ndi chidole pansi, kenako athamangira khoma n'kutembenuzika m'malere. Pa zithunzi zoyerazi mumaona ndithu kuti munthuyu akuchita yekha, thupi likumva kuwawa. Gule wa mumvula uja aliyense amamudziwa, koma yang'anitsitsani kumapeto, Kelly akupondaponda m'zithaphwi ngati mwana wothawa kusamba, wapolisi n'kuima pambali manja atapinda. Debbie Reynolds anali ndi zaka 19 zokha ndipo sanali katswiri wovina, koma mu "Good Morning" akuyenda phazi limodzi ndi akuluakulu awiriwo, Kelly ndi O'Connor, mpaka kukagubuduza sofa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha "Broadway Melody". Cyd Charisse ndi diresi lake lobiriwira ndi wochititsa kaso, sindikana, koma gawoli limapitirira mphindi 10 nkhani itaima chilili. Ana kunyumba anayamba kufunsa kuti Lina wapita kuti. Chinanso, nyimbo zambiri si zatsopano, n'zakale za Arthur Freed ndi Nacio Herb Brown, ndipo zina zachikondi zimakoka pang'ono.

Mawu akumveka bwino ngakhale pa masipika a TV. Yatsani mawu olembedwa pansi mukafika pa "Moses Supposes", chifukwa Chingelezi chake chimathamanga kwambiri. Filimu yonse ndi ya mphindi 103, mulibe zochititsa manyazi, moti mutha kuonera ndi apongozi pabalaza.