Ku Valley Forge musayende nokha, pezani wokuonetsani malo

Amene muli mbali ya Philadelphia uko, Valley Forge ndi pafupi ndipo kulowa mu paki ndi ulele, koma langizo langa lipirani munthu wokuonetsani malo. Panokha mungoona tinyumba tamitengo ndi mizinga, kujambula mafoto basi nkumapita.

Ife anatiyendetsa bambo ena achikulire, odziwa zinthu heavy. Zoti asilikali a George Washington, mtsogoleri wa nkhondo yomenyera ufulu wa America kwa Angerezi, pafupifupi 12,000 anafika pano mu Disembala 1777 ndipo ena pafupifupi 2,000 anafa ndi matenda anangodutsamo mwachangu, pomwe anakhazikika ndi pa nkhani ya maudindo, kuti majenerali ankasankhidwa ndi andale a ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, osati Washington ayi. Mu 1777 momwemo jenerali Benedict Arnold a Congress anamudumpha nkukweza anthu asanu amene anali pansi pake, ati chifukwa kwawo ku Connecticut kunali kale ma major general awiri, ndiye mwaona, udindo ukuyendera dera lomwe munthu wachokera osati mmene akumenyera nkhondo. Nanga Thomas Conway? Munthu analemba kalata kwa jenerali mnzake Horatio Gates yonyoza Washington koma Congress inamukwezabe nkumupatsanso mpando wa inspector general, anzake omwe anamutsogolera pa ntchito kungotsala kukamwa yasa. Ku Paris nako Silas Deane, nthumwi ya America, ankangolonjeza maudindo kwa Afalansa ngati akugawa maswiti. Mfalansa wina, Lafayette, anakhala major general ali ndi zaka 19 zokha aise!

Chomwe chinandisangalatsa nchoti bambowa sanangoti onse olowa podziwana anali achabechabe. Mjeremani wina, Steuben, anabwera ndi kalata ya Benjamin Franklin, nthumwi ya America ku France, yomutamanda kuti ndi jenerali wamkulu pomwe ku Prussia anali kaputeni chabe, koma ndi yemweyo amene anaphunzitsa asilikali perete pa malo omwewa mpaka gulu linasintha. Ine ndimaonabe kuti apo anangochita mwayi, koma mmene anafotokozera zinali zomveka ndithu.

Vuto la bambowa amayankhula mothamanga ndipo mayina amachuluka, ukangoyang'ana kumbali wasochera. Nkhani ya chakudya ndi katundu wa asilikali, yomwe inayamba kuyenda bwino jenerali Nathanael Greene atatenga udindo woyang'anira zimenezi mu Malichi 1778, anangoigunda pang'ono pomwe ine ndimafuna ayitambasule. Valani nsapato zabwino, malowa ndi aakulu, ndipo ana aang'ono atopa nazo nkhani zimenezi.