Kalavani yonyamulira makina otchetchera kapinga: mmene ndaionera

Ntchito yanga ndi yosamalira kapinga m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mbali mwa nyanja, kuyambira paboma mpaka cha ku Monkey Bay. Kalavani imene ndikunenayi anandiwotcherera mmisiri wina wa konkuno ku Mangochi, ndipo yagwira ntchito dzinja ndi chilimwe chomwe. Ndi ya matayala awiri, pansi pake ndi chitsulo, m'mbali muli waya wolimba, ndipo chitseko chakumbuyo chimagwa pansi n'kukhala pokwezera katundu.

Chitseko chimenechi ndiye chuma chake. Makina otchetchera a petulo safuna kupendekeka mwachisawawa. Mukamawanyamula anthu awiri kuwaponya m'pikapu, oyilo amatha kulowa mu fyuluta ya mpweya, ndipo mukafika kwa kasitomala makina akungofuka utsi kapena akukaniratu kulira. Apa mnyamata mmodzi amangowakankha, akwera ali chilili pamatayala ake, timange, tizipita. Kalavaniyi ndi yaifupi msinkhu, kotero chikweza chake n'chosavuta ngakhale pamchenga. Anzanga ambiri akamasankha amayamba kufunsa kukula kwake. Ine ndingati yambani mwaona kuti katundu azikwera bwanji, za kukula zibwere pambuyo. Yangayi imalowa makina awiri okankha, chodulira udzu cha pamapewa, wilibala, zikwakwa ndi zigubu za mafuta, malo n'kutsalako.

Matayala ndinachita kumuumiriza mmisiriyo kuti aike a sayizi 14, ofanana ndi a magalimoto ambiri ang'onoang'ono. Timatayala tating'ono tija timaoneka bwino pogula, koma timazungulira kwambiri pa mtunda womwewo, mabering'i n'kumatentha, ndipo ndi dzuwa la kuno la mu Okutobala simuchedwa kulira. Komanso likaphulika muli pa msewu wa M10, tayala la 14 mulipeza kwa okonza matayala apafupi, osachita kuitanitsa ku Blantyre.

Zodandaulitsa zilipo. Penti anangopaka kamodzi osayamba waika woteteza dzimbiri, ndiye udzu wonyowa ukagona m'menemo usiku umodzi, m'makona mumayamba kufiira. Ndinachita kupala n'kupakanso, n'kuboola timabowo totulutsira madzi. Mawaya a magetsi anawasiya akulendewera pansi, ndipo misewu yafumbi yolowera kunyanja inawadula msanga. Chinanso, sanaike kagudumu kakutsogolo koimikira. Mukaimasula kugalimoto pamchenga, mphuno yake imazama, ndipo kuidzutsa ili ndi katundu ndi nkhondo. Zonsezi n'zotheka kukonza, koma zikanayenera kubwera zili momwemo pa mtengo umene ndinalipira.

Pamsewu imatsatira bwino, bola mwalongedza mwanzeru. Cholemera chizikhala kutsogolo pang'ono kwa ekiselo. Mukaunjika kumbuyo, kalavani imayamba kugwedeza mchira mukangowonjezera liwiro, ndipo pamsewu wathu wodzaza njinga za kabaza, mbuzi ndi ana asukulu, amenewo si masewera. Mangani ndi malamba okoka aja, osati zingwe za mphira wa chubu. Mafuta a petulo akhale m'chigubu chotseka bwino, pakona, kutali ndi injini imene yangozimitsidwa kumene.

Za malamulo musazinyozere poti ndi yowotcherera pakhomo. Kalavani imafunika kulembetsa ku Road Traffic, ikhale ndi nambala yake, magetsi a mabuleki ndi mainjiketa ogwira ntchito, ndi zonyezimira kumbuyo. Laisensi ya B imalola kukoka kalavani yosapitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake. Kuposa apo pamafunika laisensi ya gulu lina. Ndiye amene mukuganiza zonyamulanso manyowa kapena mchenga, werengerani bwino, chifukwa zinthu zimenezi zimalemera kuposa mmene zimaonekera, ndipo yangayi ilibe mabuleki akeake.

Kwa munthu wa makina okankha ngati ine, ndi yokwanira ndipo ndingaigulenso, koma ulendo uno ndingagwirizane ndi mmisiri za penti, mawaya ndi kagudumu kaja ndisanapereke ndalama yoyamba. Amene muli ndi makina aakulu okwerapo, iyi ikuchepera: funani yotambalala, chitseko chake chikhale chachitali ndi cholimba kuposa ichi.