Tikiti ya chaka chonse ya mpikisano wa magalimoto: nyenyezi zitatu, chaka chamawa ndizilipira pa geti

Ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Magalimoto akakhala pa phula palibe chodandaula ayi. Chomwe chadya nyenyezi ziwirizo ndi mmene eni bwalo amayendetsera usiku wonse, komanso season pass, tikiti ya chaka chonse, yomwe ndinagula chaka chino sinabweze ndalama zake.

Bwalo ndikunenali lili kumpoto kwa Indiana ku America, ulendo wosatopetsa kuchokera ku South Bend. Dzina ndalisunga dala, chifukwa ogwira ntchito pamenepo ndi anthu aulemu, ndipo matenda ndikuti nditchulewa ndawaonanso m'mabwalo ena a ku Michigan. Abale ambiri kuno mukamva za mpikisano wa magalimoto mumangoganiza za Indianapolis 500, ya khwimbi la anthu ija. Izi ndi zina. Ndi kabwalo kozungulira, ka phula, kotalika kota ya mailo, pafupifupi mamita 400, koti galimoto yamphamvu imakazungulira m'masekondi osakwana 20. Amathamangitsa Loweruka madzulo, kuyambira chisanu chikatha cha mu Epulo kapena Meyi mpaka mu Seputembala. Oyendetsa ake si akatswiri a pa TV. Ndi amakaniko, alimi a chimanga, okonza mapaipi, anthu oti Lolemba mupezana nawo mu sitolo akugula mkaka.

Ndiyambe ndi zokoma, chifukwa zilipo ndithu. Mukakhala pa mzere wachitatu kuchokera pansi, magalimoto a late model, omwe ndi gulu la magalimoto amphamvu opangidwira mpikisano, akamadutsa onse pamodzi mbendera yobiriwira yoyambitsa mpikisano itangokwezedwa, phokoso lake simulimva ndi makutu okha, limagunda pachifuwa. Tinyenyeswa ta matayala timauluka kudutsa waya n'kugwera mu kapu ya chakumwa chanu. Kukada, muyang'ane tayala lakutsogolo la kumanja galimoto ikamalowa pokhota: chitsulo cha mabuleki chimachita psuu, kufiira ndi kutentha. Izi pa TV simungazione. Ndipo poti bwalo ndi laling'ono, mumaona zonse popanda kutembenuza khosi, wotsogola ndi wakumapeto yemwe.

Gulu lomwe ine limandisangalatsa kwambiri ndi la timagalimoto takale tating'onoting'ono, tomwe anangochotsa magalasi ndi mipando n'kuwotcherera zitsulo zoteteza woyendetsa mkati. Apa ndiye pamakhala kukhulana, kukankhana, wina kutuluka bampala ikukhwekhwereza pansi koma osaima. Mpikisano ukatha amatsegula geti ya kumene oyendetsa amakonzera magalimoto, aliyense n'kulowa ulere. Mwana wanga wamkazi anamukhazika pa mpando wa galimoto yomwe inali itangopambana kumene, injini ikadali yotentha, woyendetsa wake thukuta lili kamukamu koma akumufotokozera batani lililonse moleza mtima. Kumabwalo akuluakulu zoterezi mungazilipire ndalama zambiri.

Tsono tikitiyo. Ndi kakhadi ka pulasitiki, mumangoonetsa pa geti n'kulowa, osaima pa mzere. Vuto n'lakuti mzerewo kulibe. Masiku ambiri mumapeza anthu awiri atatu pa windo logulitsira matikiti, ndiye mwayi wodumpha mzere ndi wa dzina chabe. Chachiwiri, usiku womwe kwabwera magulu oyendayenda a oyendetsa otchuka, kakhadi kaja sikakwanira, mumawonjezera ndalama. Anazilemba ndithu, koma m'tizilembo tating'ono kumbuyo kwa khadi. Chachitatu ndi mvula. Pa phula lonyowa sathamangitsa, chifukwa matayala awo ndi osalala, opanda mizere. Wogula tikiti ya pa geti mvula ikasokoneza amasunga kapepala kake n'kudzalowera sabata ina. Wa season pass usiku umenewo wangopita basi, palibe chobweza. Mukaphatikiza Loweruka lomwe mwagwira shifiti, lomwe kuli ukwati kapena chinkhoswe cha mnzathu, mupeza kuti kulipira pa geti kukanatsika mtengo.

Chondimvetsa chisoni ndi masitandi. Mabenchi aatali a aluminiyamu ali mbee, apa banja limodzi, uko agogo awiri afunda bulangete, pamwamba penipeni anyamata angapo. Mukayang'ana mitu, yambiri ndi ya imvi. Mukacheza nawo mupeza kuti ochuluka ndi achibale a oyendetsa: mayi ake, mlamu wake, mnzake wa kuntchito. Bambo wina wachikulire yemwe ndinkakhala naye pafupi, amene wakhala akubwera kuyambira ali mnyamata, anandilozera kumapeto kwa sitandi n'kunena kuti kale ukachedwa unkaimirira kumeneko usiku wonse. Lero mutha kugona chotambalala pa benchi osakhudza munthu.

Ine ndaona kuti chachikulu chothamangitsa anthu ndi nthawi. Pa pepala amalemba kuti mpikisano uyamba 7 koloko. Uyambadi mochedwerako pang'ono, zimenezo tinazolowera. Koma magulu a magalimoto ndi ambirimbiri, ndipo gulu lililonse liyenera kuchita timipikisano toyambirira, kenako mpikisano wake waukulu. Gulu lina mumapezeka magalimoto asanu okha, akuzungulira motalikirana, palibe wopitirira mnzake. Wina akaterereka n'kuima chopingasa, mbendera yachikasu yoti onse achepetse liwiro. Galimoto yokoka zowonongeka ndi imodzi, ndiye dikirani. Injini ikaphulika n'kutaya oyilo, anyamata amabwera ndi matumba a ufa woumitsira, kuwaza, kusesa ndi matsache, magalimoto n'kumazungulira pang'onopang'ono kuti aupondeponde. Akatha apo, oyendetsa awiri ayamba kukangana za amene anali patsogolo, wolengeza naye sakudziwa. Kenako nthawi yopuma, yomwe amati ndi ya mphindi zochepa koma imatha pokhapokha masoseji atagulidwa. Zimakhala ngati perekaniperekani wa pa ukwati woti MC sakufuna kutula maikolofoni, anthu njala ili m'mimba keke akungoiyang'ana. Magalimoto a late model, omwe aliyense wadzera, amawasunga komalizira, nthawi zina 11 koloko itadutsa. Pofika apo ana agona pamiyendo, ndipo amene tili ndi shifiti ya m'mawa Lamlungu kapena tchalitchi tanyamuka kale. Ndalipira kuti ndione chinthu chomwe kangapo konse sindinachione.

Chifukwa chake ndinachimva kwa makaniko wina wa gulu la street stock, la magalimoto wamba a pamsewu okonzedwera mpikisano. Anati bwalo ngati ili silidaliranso geti ya owonerera. Ndalama yeniyeni imalowera ku geti yakumbuyo, kumene woyendetsa aliyense ndi omuthandiza ake amalipira pit pass, tikiti yolowera kumalo okonzera magalimoto, yomwe ndi yodula kuposa tikiti yathu. Ndiye mwini bwalo akawonjezera gulu lina la magalimoto, wawonjezera anthu olipira kumbuyoko, ngakhale usiku utalike bwanji. Ndinamvetsa pamenepo kuti kasitomala weniweni ndi woyendetsa, ife a pa benchi ndife ongoperekeza. Koma njira imeneyi ikudzidya yokha. Owonerera akachepa, makampani ang'onoang'ono omwe amalemba maina awo pa magalimoto ndi pa zikwangwani amaona kuti palibe wowawerenga, n'kusiya kuthandiza. Mphoto zikachepa oyendetsa nawo amasiya magalimoto mu galaja.

Sindikuti eni mabwalo alibe zifukwa zomveka. Matayala a mpikisano ndi odula ndipo sakhalitsa, ndipo m'zaka za 2021 ndi 2022 anasowa m'dziko lonse la America moti mipikisano ina inalephereka. Ife tikukhala pafupi ndi kumene ambiri amapangidwa, poti likulu la kampani ya matayala ya Hoosier lili ku Lakeville ndipo fakitale yake ili ku Plymouth, koma kuyandikirako sikutsitsa mtengo. Inshulansi nayo ndi ndalama. NASCAR, bungwe lalikulu la mipikisano ya magalimoto ku America, imakhala ndi mipikisano ina Loweruka usiku pa TV, nthawi yomweyo ya mabwalo ang'onoang'ono. Palinso FloRacing ndi DIRTVision, zoti munthu ali pa sofa amaonera mabwalo ambiri pa intaneti usiku umodzi, kwina kukakhala mbendera yachikasu n'kusinthira kwina. Komanso matauni akula n'kufika pamene kale panali minda, oyandikana nawo atsopano akudandaula phokoso, ndipo malowo akagulitsidwa amabweretsa ndalama zoposa za matikiti. Illiana Motor Speedway ya ku Schererville konkuno ku Indiana inatsekedwa mu 2016. Myrtle Beach Speedway ku South Carolina inatsekedwa mu 2020, ndipo Irwindale Speedway ku California inatseka zitseko mu Disembala 2024.

Zonsezo ndi zoona, komabe sizifotokoza chinthu chimodzi. Usiku womwe bwalo lathuli linachita mpikisano wa mabasi akale a sukulu ndi magalimoto okoka ngolo ophwanyana dala, malo oimika galimoto anadzaza mpaka anthu kumaimika pa udzu m'mbali mwa msewu. Mabanja athunthu, ana atanyamula ma popcorn, achinyamata omwe sindinawaonepo chaka chonse. Ndiye anthu alipo, ndalama ya tikiti ali nayo, ndipo njira ya ku bwalo akuidziwa. Usiku umenewo zinthu zinkatsatizana mwachangu ndipo tinatuluka nthawi yabwino. Sabata yotsatira tinabwerera ku mabenchi a mbee aja. Ku Winston-Salem, North Carolina, kuli Bowman Gray Stadium, nayonso ya kota ya mailo, yomwe imakokabe chikhamu cha anthu Loweruka, mpaka NASCAR inapititsako mpikisano wake wa Clash mu Febuluwale 2025. Kukula kwa bwalo n'kofanana ndi kwathu kuno, kusiyana n'kwakuti kumeneko amakumbukira kuti pa benchi pali munthu wofuna kusangalala.

Zing'onozing'ono nazo zimawerengedwa. Masipika amalira mosamveka, magalimoto akamadutsa wolengeza amangotaya mawu ake. Bolodi yoonetsa manambala mababu ena anafa, 8 amaoneka ngati 3. Ndinayamba kutsatira mndandanda wa oyendetsa pa MyRacePass pa foni, zomwe zinathandiza, koma mlendo wobwera koyamba palibe womuuza kuti gulu ili ndi liti, akupikisanirana chiyani. Zimbudzi za amayi, akunyumba kwathu anakana kuzilowanso kachiwiri. Uthenga woti mpikisano walephereka amauika pa Facebook pokha, nthawi zina muli kale pa msewu. Chakudya ndiye sindidandaula: mtengo wake ndi wabwino kuposa wa kumabwalo a mpira, ndipo mayi wogulitsa tchipisi amadzaza mbale osaumira.

Kwa amene mukufuna kuyesa, pitani ndithu, ngakhale kamodzi, makamaka ngati muli ndi ana okonda magalimoto. Tengani zotsekera m'makutu za ana, musanyozere zimenezi. Tengani kapilo kokhalira ndi jekete, chifukwa aluminiyamu amazizira dzuwa likangolowa ngakhale mu Julayi, komanso ndalama za m'manja, poti makina a khadi amakonda kuvuta. Season pass igulidwe ndi amene ali ndi m'bale woyendetsa kapena amene Loweruka lake lili lomasuka chilimwe chonse. Enafe tiyang'ane kalendala, tisankhe masiku a mpikisano wautali wa late model ndi usiku wa mabasi uja, tilipire pa geti. Ndalama yotsalayo ine ndikaonera Little 500 ku Anderson Speedway, kumene magalimoto 33 amazungulira ka 500 pa kota ya mailo, Loweruka usiku woti mawa lake ndi Indianapolis 500.