Superior Drummer 3 patatha miyezi isanu ndi itatu: ng'oma zija zinkasowera chilembo chimodzi

Nditangogula Superior Drummer 3, pulogalamu ya pakompyuta yoimbira ng'oma, ndinaiyamikira kuti ng'oma zake zimamveka ngati woimbayo muli naye m'chipinda momwemo, koma ndinadandaula kuti masiku ena ndikatsegula nyimbo, pulogalamu inkati laibulale ya mawu, kapena kuti mafayilo a kulira kwa ng'omazo, sikupezeka. Papita miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndivomere: wolakwa ndinali ine.

Pulogalamuyi ndi ya Toontrack ya ku Sweden, inatuluka mu 2017, ndipo laibulale yake yonse imakwana pafupifupi 230 GB. Anaijambula ndi katswiri wojambula mawu George Massenburg ku Galaxy Studios, ku Belgium, atatchera maikolofoni mbali zonse mpaka m'mwamba, n'chifukwa chake imalemera chonchi. Laputopu yanga sikanasenza katundu wotere, ndiye ndinaika zonse pa hard drive yakunja, imene Windows inaipatsa chilembo E.

Loweruka lina kunabwera kwaya ya amayi kudzajambula. Wapampando anandipatsa fulashi ya nyimbo zawo, ine n'kuilowetsa ndisanalumikize hard drive ija. Kutsegula FL Studio, pulogalamu imene ndimapangira nyimbo, MIDI (malangizo ouza ng'oma pomenya) ikuyenda bwinobwino, koma ng'oma zii. Amayi atandandalika pabenchi, maso onse kwa ine.

"Achimwene, kodi zawonongeka?"

"Iyayi amayi, zikudzuka kaye."

Bodza lenileni. Usiku womwewo ndinayamba kudawunilodanso laibulale yonse, bandulo n'kuthera panjira. Ndalama imeneyo imandiwawabe, chifukwa panalibe fayilo ngakhale imodzi imene inatayika. Fulashi inali italanda E, hard drive n'kusanduka F, pomwe pulogalamu imagogodabe pakhomo la E pamene inauzidwa kuti ng'oma zimakhala. Windows imapereka chilembo choyamba chimene chili chopanda mwini, ndiye wofika msanga ndi amene amatenga.

Mankhwala ake satenga mphindi zisanu. Ndinalowa mu Disk Management ya Windows, ndinasankha Change Drive Letter and Paths, n'kuipatsa hard drive chilembo S, chakutali kumene fulashi za alendo sizifika. Kenako mu Settings ya Superior Drummer, pamene pali njira za malaibulale, ndinalozera foda yomweyo pa S. Chiyambire tsiku limenelo uthenga uja ndauonanso kamodzi kokha, pamene ndinasintha dzina la foda pofuna kukonza zinthu kuti zioneke mwadongosolo. Nditabwezera dzina lakale zonse zinadzuka. Fodayo sindiikhudzanso.

Chimene ndachedwa kuchidziwa n'chakuti laibulale imabwera m'zigawo, ndipo sukakamizidwa kuika zonse. Gawo loyamba ndi la 40 GB kapena kupitirirako pang'ono, ndipo limakwanira ntchito zanga zambiri. Nyimbo zomwe ndimapanga anthu amamvera pafoni, m'minibasi ndi pa masipika a kutchalitchi. Zigawo za maikolofoni a mbali zonse ndi a m'mwamba aja ndinkangozisungira ulemu. Ndinakopera gawo loyambalo pa SSD yaing'ono, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard drive, nayonso ndinaipatsa chilembo chakechake, ndipo ng'oma zikutseguka ndisanamalize kuthira tiyi. Hard drive yakale ili m'kabati ndi laibulale yonse, kuchitira kuti magetsi akadzathima pakati pa ntchito n'kuwononga mafayilo, ndisadzagulenso bandulo.

Chotsala ndi chingwe cha USB chimene chimagwedera munthu akagunda tebulo. Pakali pano ndachimata ndi selotepi.