The Last of Us ya HBO: ndinaionera manja ali lende

Ndikuchenjezerenitu. Ngati simunaonere filimuyi ndipo simukufuna kudziwiratu amene afe, lekerani pompano, chifukwa ine ndiulula zonse mpaka kumapeto kwa sizoni yachiwiri.

Gemu ya The Last of Us ndinaisewera koyamba pa PlayStation 3, kampani ya Naughty Dog itangoitulutsa mu 2013, ndipo kuchokera apo ndaimaliza kanayi. Yachiwiri ya mu 2020 ndinaimaliza kamodzi kokha. Si kuti ndi yoipa ayi, koma inandisiya mtima uli thii kwa sabata yathunthu moti sindinafunenso kubwererako. Ndiye HBO itaonetsa gawo loyamba pa 15 January 2023, ine ndinakhala pampando ngati munthu amene wapita kukaona nyumba imene anakuliramo koma muli eni ake atsopano: maso ali pakhoma kufufuza pamene agumula. Pambali panga panali mlongo wanga wamng'ono, yemwe padi, kachipangizo kosewerera gemu, anali asanaigwirepo chibadwire. Zigawo zonse 16, zisanu ndi zinayi za sizoni yoyamba ndi zisanu ndi ziwiri za yachiwiri, tinaonera limodzi. Iyeyu ndi amene wandithandiza kuzindikira kuti madandaulo ambiri a ife okonda gemu tinawaloza polakwika.

Phokoso linayamba filimu isanatuluke n'komwe. Atangolengeza kuti Bella Ramsey ndi amene akhale Ellie, mtsikana wosadwala matenda a bowa amene awononga dziko, yemwe bambo wotchedwa Joel akuyenda naye ulendo wautali, anthu anayamba kuika chithunzi chake pambali pa chithunzi cha Ellie wa mu gemu, n'kumayeza mphumi ndi maso ngati akugula mbuzi. Safanana, amatero. Inde safanana. Nanga Pedro Pascal amafanana ndi Joel wa mu gemu? Koma iyeyo sanamuvutitse choncho. Bella akatukwana, akaseka nthabwala zake zosaseketsa za m'kabuku kaja, akakuwa atamaliza kukhapa David, munthu wankhanza amene anamugwira, m'nyumba yoyaka moto mu gawo lachisanu ndi chitatu, ndi Ellie yemweyo. Nkhani ya nkhopeyi sindikufuna kutayirapo nthawi.

Dandaulo lachiwiri linali la fumbi la bowa. Mu gemu muli zipinda zina zimene mpweya wake wadzaza tinjere ta Cordyceps, bowa amene amasandutsa anthu zilombo zolusa, ndipo Joel amayenera kuvala masiki. Mu sizoni yoyamba anazichotsa zimenezi n'kuikapo timizu totuluka m'kamwa mwa odwala komanso toyanga pansi panthaka, moti ukaponda pamalo amodzi umadzutsa chigulu chimene chagona kutali. Anthu analira ngati awabera. Ine ndinaona kuti ndi nzeru, chifukwa sungalembe ntchito munthu wa nkhope ngati ya Pascal kenako n'kumuphimba ndi labala theka la nthawi. Ndipo fumbilo linabwerabe mu sizoni yachiwiri, m'chipinda chapansi cha chipatala cha ku Seattle. Zina zimene anawonjezera n'zimene zinandiopsa kuposa gemu. Filimu imayamba ndi pulogalamu ya pa TV ya mu 1968, wasayansi akufotokoza modekha kuti bowa amene amalowa mu nyerere n'kuyamba kuilamulira sangakhale m'thupi la munthu chifukwa ndi lotentha, koma bwanji dziko litatentha pang'ono? Bowa wa nyerereyu alikodi, si wongopeka. Gawo lachiwiri likutsegula ku Jakarta, kumene mayi wina katswiri wa bowa akuuza msilikali kuti mankhwala kulibe, chimene chatsala n'kuphulitsa mzinda wonse, ndipo iye akupempha kuti amuperekeze kwawo akakhale ndi banja lake. Mu gemu mulibe zimenezi. Craig Mazin, mmodzi mwa olemba filimuyi yemwenso analemba filimu ya Chernobyl, amadziwa kuopseza munthu ndi anthu awiri okhala patebulo.

Pena anthu ankangosangalala kupeza cholakwa. Gawo lachitatu linalemba pasikirini kuti tili mtunda pang'ono kumadzulo kwa Boston, kumbuyo kukuoneka mapiri ataliatali a ku Alberta ku Canada kumene ankajambulira. Anthu a ku Massachusetts anaseka mpaka misozi, ndipo apa anali ndi ufulu. Koma pa nyamalikiti wa ku Salt Lake City anadzigwetsa okha. Ambiri analemba kuti wapangidwa pakompyuta ndipo sakuoneka weniweni, chonsecho anali nyamalikiti wamoyo wa kumalo osungira nyama ku Calgary.

Gawo lachitatu lomwelo ndi limene linagawa anthu pakati. Mu gemu, Bill ndi munthu wolusa wokhala yekha m'tauni ya Lincoln imene waitchera misampha paliponse. Umayenda naye kukafuna batire ya galimoto, iye ndi Ellie akulalatirana njira yonse, ndipo mnzake Frank umangomupeza atadzimangirira, atasiya kalata yamwano. Filimu inataya zonsezi. M'malo mwake inatipatsa Nick Offerman ndi Murray Bartlett, amuna awiri okondana amene akukalamba limodzi kuseri kwa mpanda wamagetsi kwa zaka zoposa 15, akukangana za utoto wa mashopu a m'tauni yopanda anthu, akudya sitiroberi amene mbewu zake anasinthanitsa ndi mfuti. Ena anakwiya chifukwa choti ndi amuna awiri basi, ngakhale gemu yomwe inali itasonyeza kale za Bill kwa amene anali tcheru. Ena anati ola lathunthu latayika nkhani isakusuntha. Ena anali ndi mfundo yomveka: Bill ndi Ellie sanakumane n'komwe, ndipo malo aja Joel wakodwa mumsampha, walendewera chadodolido akuwombera odwala, sitinawaone. Inenso ndinawasowa. Komabe kwa ine ili ndi ola labwino kuposa onse mu filimu yonseyi, ndipo sindinadabwe Offerman atapata nalo mphoto ya Emmy. Gemu singachite zimenezi. Kamera yake yamangiriridwa kumsana kwa munthu amene ukumuyendetsa, singamusiye n'kupita kukakhala zaka kunyumba kwa anthu ena. Mlongo wanga analira mpaka kukatenga thaulo.

Tsopano chimene chinandisowa ine, chomwe si nkhope kapena bowa, ndi manja anga.

Kumapeto kwa gemu yoyamba, Joel akudzuka m'chipatala cha gulu loukira la Fireflies ku Salt Lake City n'kuuzidwa kuti kuti apange katemera ayenera kuchotsa bowa amene ali mu ubongo wa Ellie, ndiye kuti mwanayo afa. Kuchokera apo padi ili m'manja mwako. Umakwera nsanjika ndi nsanjika ukupha asilikali, zipolopolo zikutha, ukubisala kuseri kwa mabedi. Kenako umatsegula chitseko cha chipinda cha opaleshoni. Dokotala akutola kampeni, akunjenjemera, akuima pakati pa iwe ndi mwanayo. Ulendo woyamba ine ndinaima. Ndinayesa kumuzungulira, sizinatheke. Ndinadikira mwina china chake chichitika, osachitika kanthu. Ndinaika padi pansi n'kukamwa madzi, pobwera ndinamupeza ali pomwepo ndi kampeni kake. Gemu siipita patsogolo mpaka iweyo umuphe. Ndinadina batani, ndipo mpaka lero ndimakumbukira chala chimene ndinadinira.

Mu filimu, malo omwewa anawajambula mwaluso. Phokoso la mfuti analitsitsa, nyimbo yachisoni ili pamwamba, Pascal akuyenda nkhope ili gwa ngati munthu amene mzimu wake watsala kwina. Mphindi zochepa, dokotala wagwa, zatha. Mlongo wanga anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Achita bwino achimwene, inenso ndikanatero." Ndinamuyang'ana n'kuona kuti iye waona bambo akupulumutsa mwana wake. Ine mu 2013 sindinaone, ndinachita. Kumuweruza Joel uli pampando n'kophweka, kaya umuikira kumbuyo kaya umutsutsa. Kumuweruza chala chako chili pabatani ndi nkhani ina.

Ndipo si pa kupha pokha. Gemu imatenga maola cha m'ma 15, ndipo ambiri mwa maolawa ndi ntchito zotopetsa: kunyamula makwerero, kusaka thabwa loti Ellie akwerepo chifukwa sadziwa kusambira, kutsegula madirowa kufuna nsanza ndi lumo, kumukweza pakhoma kuti akatsegule chitseko. Pa nthawiyo tinkadandaula kuti makwerero achuluka. Koma chikondi cha Joel pa mwanayu chimamera m'ntchito zimenezo, ndipo chimamera mwa iwenso. Sizoni yoyamba ili ndi maola osakwana khumi, ena mwa iwo inapatsa Bill, Kathleen mtsogoleri wa oukira a ku Kansas City ndi Riley mnzake wa Ellie, ndiye pofika kumapeto imachita kuthamanga. Gawo lomaliza ndi lalifupi kuposa onse. Apa ndikugwirizana ndi amene anati odwala bowa anachepa kwambiri. Si kuti ndimafuna magazi. Koma ngati Joel ndi Ellie akuyenda zigawo zingapo osakumana ndi clicker (wodwala amene bowa wamutseka maso ndipo amasaka ndi makutu) ngakhale mmodzi, woonera amayamba kuona ngati katemera si wofunika kwenikweni, ndiye tchimo la Joel limapepuka.

Sizoni yachiwiri, imene inayamba pa 13 April 2025, ndi pamene vutoli linakula. Amene tinalipo mu 2020 tikukumbukira mmene zinalili. Nkhani ya gemu inabedwa n'kufalitsidwa isanatuluke, anthu anadziwiratu kuti Joel aphedwa ndi mtsikana wotchedwa Abby pogwiritsa ntchito ndodo ya gofu, ndipo ena anafika potumiza mauthenga oopseza kupha Laura Bailey, mayi amene anangopereka mawu ndi mayendedwe kwa Abbyyo. Zamanyazi. Koma ukali umenewo gemu inachita kuufuna, ngakhale sinafune kuti ufike pamenepo. Imakubisira chifukwa chimene Abby wachitira zimenezi. Umamuda kwa maola ambiri ukumusaka mu Seattle, kenako pakati pa nkhani imakulanda Ellie n'kukupatsa Abby kuti umuyendetse, umudyetse, umuteteze. Apo m'pamene umadziwa kuti dokotala uja unamupha ndi chala chako anali bambo ake.

Filimu inaopa. Abby akuonekera m'mphindi zoyambirira ataima pamanda, ndipo asanamenye Joel mu gawo lachiwiri akumufotokozera zonse, ndine mwana wa uje, unachita chakuti. Anthu ambiri anakangana za thupi la Kaitlyn Dever, kuti alibe minofu ngati Abby wa mu gemu. Ine minofu ndilibe nayo ntchito, mtsikanayu amatha. Chimene chinandipweteka ndi kufotokoza. Sizoni yonseyi anthu ake amalankhula zimene gemu inkasiya kukhosi. Anabweretsa Gail, mlangizi wa maganizo yemwe mu gemu mulibe, ndipo ngakhale Catherine O'Hara anachita bwino zedi, ntchito yake yeniyeni ndi kutiuza ife oonera zimene Joel ndi Ellie akumva. Kukambirana kwa Joel ndi Ellie pakhonde, kumene gemu inakusunga mpaka kumapeto penipeni kuti kukuthyole, kuno anakuika mu gawo lachisanu ndi chimodzi. Ellie wa ku Seattle naye ndi wansangala mopitirira. Mu gemu, Dina, chibwenzi chake, atamuuza kuti ndi woyembekezera, Ellie amamuyankha mwankhanza kuti wasanduka mtolo, chifukwa mtima wake wadyedwa kale ndi kubwezera. Mu filimu akusekerera n'kuchita nthabwala. Okonda gemu amene anadandaula apa sanalakwe.

Sindikunena kuti zonse zinagwa. Nkhondo ya ku Jackson, tauni imene Joel ndi Ellie akukhala, chigulu cha odwala chikutuluka pansi pa chipale chofewa n'kukhamukira kumpanda, ndi yatsopano ndipo ndi yoopsa. Isabela Merced ngati Dina amawala paliponse pamene waima. Jeffrey Wright anabwereranso ngati Isaac, mbali yomwe anaitenga mu gemu, monga anachitira Merle Dandridge pa Marlene. Koma sizoni ikutha mfuti italira m'nyumba ya zisudzo, kenako tikubwerera m'mbuyo masiku atatu kukayamba nkhani ya Abby. Mu gemu umapitiriza usiku womwewo mkwiyo ukadali wamoto. Pa TV uyenera kudikira sizoni ina, ndipo Neil Druckmann, mwini nkhaniyi, analengeza mu July 2025 kuti wasiya kugwira nawo ntchito ya filimuyi.

Joel ataphedwa, mlongo wanga anatembenuka pang'onopang'ono. "Achimwene, inu mumadziwa?" Ndinavomera. Sanandilankhule mpaka m'mawa, ndipo gawo lachitatu anakana kuonera kwa masabata awiri. Koma nditamufunsa za Abby anangoti, "Nanga si anamuphera bambo ake." Mawu amenewo ine anandituluka nditavutika maola oposa khumi, ndipo anatuluka mokakamiza. Iye anawapeza aulere.

Ndiye kodi muonere? Ngati gemu simunaisewerepo ndipo mulibe nayo cholinga, onerani, sizoni yoyamba ndi TV yapamwamba ndipo yachiwiri ndi yoonereka ndithu. Ngati muli ndi mpata wosewera, yambani mwasewera, chifukwa filimu ikakuuzani za dokotala uja simudzaimanso pachitseko chija ngati mmene ndinaimira ine.

Mlongo wanga ndinamupatsabe padi mwezi wathawu. Pano ali m'nyumba yosungiramo zakale ku Boston, ma clicker amupha kokwana 11, ndipo akuti batani lothawira ndi lowonongeka. Si lowonongeka. Amaponya njerwa kenako n'kuthamangira komwe waiponyako. Pa liwiro limeneli ku Salt Lake City akafika chaka chamawa, ndipo ndamuuza kuti tsikulo asatsegule chitseko ine ndisanabwere.