Ndemanga: matayala a Orangatang Kegel a 80mm pa longboard yoyendera mtunda wautali

Matayala a Orangatang Kegel a 80mm, amtundu wa lalanje olembedwa 80a, ndawagwiritsa ntchito kuyambira nyengo yotentha mpaka mvula ya nyengo yozizira ya kuno ku Cape Town itadutsa. Ndikuwayamikira kwa munthu amene amakwera longboard (thabwa la matayala anayi lotalikirapo kuposa skateboard wamba) pofuna kuyenda mtunda wautali, kapena amene amatsika malo otsetsereka ndipo akufuna kuti thabwa lisamuthawe pokhota. Kwa amene akufuna kuphunzira kukhwekhwereza thabwa chammbali, awa si matayala oyenera, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho chimene chimawachititsa kukhala abwino pa ntchito inayo.

Malo amene ndimayendako kawirikawiri ndi awiri: njira ya m'mbali mwa nyanja ku Sea Point, imene akuluakulu a mzinda analola okwera njinga ndi ma skateboard kuti aziyendamo kuyambira mu 2012, komanso njira ya njinga yoyandikana ndi ya mabasi a MyCiTi yolowera ku Milnerton ndi Table View. Malo onsewa ndi athyathyathya, koma si osalala monga mmene woyenda pansi angaganizire. Pali njerwa zoyala zokhala ndi mipata, pali molumikizira konkire, pali timiyala, ndiponso mchenga umene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imaunjika m'makona.

Longboard yanga inabwera ndi matayala a 70mm opanda dzina lodziwika, olembedwa 78a. Nambala imeneyi imasonyeza kulimba kwa tayala pa sikelo ya Shore A, ndipo ikakhala yotsika ndiye kuti tayalalo ndi lofewa. Matayala a skateboard yosewerera m'mapaki amakhala cha pa 99a kapena kuposa, pomwe a longboard ambiri amakhala pakati pa 75a ndi 86a. Tikangotsatira nambala, matayala akalewo anayenera kuyenda mofewa kuposa a Kegel, koma zimene mapazi anga ankamva n'zakuti anali olemera kukankha, ankataya liwiro msanga, ndipo pa njerwa ankanjenjemeretsa akakolo mpaka kuchita dzanzi. Vuto linali mtundu wa polyurethane (pulasitiki wofinyika ngati mphira) amene anapangira matayalawo. Polyurethane wabwino akafinyika pansi pa kulemera kwa munthu amabwerera mwakale nthawi yomweyo n'kubweza mphamvu yambiri imene anameza, pomwe wotsika mtengo amabwerera mwaulesi, ndipo mphamvuyo imangosanduka kutentha. Izi zimaoneka ngakhale osakwera thabwa. Ndinatenga tayala limodzi lakale ndi limodzi la Kegel, opanda maberingi, n'kuwagwetsa pa simenti kuchokera pachifuwa. Lakale linangonjanja pang'ono n'kugubuduka kulowera kumbali, koma la Kegel linanjanja kufika m'mwamba ndithu. Kunjanja kumeneku sikulembedwa pa tayala lililonse, komatu ndiko kumasiyanitsa tayala lothamanga ndi logona.

M'pofunika kukumbukira kuti masewera a skateboard anasintha chifukwa cha polyurethane. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Frank Nasworthy anayamba kugulitsa matayala a polyurethane ku California pansi pa dzina la Cadillac Wheels, anthu atatopa ndi matayala achitsulo komanso ena ouma gwa amene ankatchedwa adongo, omwe kamwala kamodzi kankatha kuwaimitsa n'kumuponya wokwera patsogolo. Kuyambira pamenepo makampani akhala akupikisana pa kasakanizidwe ka polyurethane, ndipo a Orangatang, omwe ndi a gulu limodzi ndi Loaded Boards ku California komweko, amatcha kasakanizidwe kawo Happy Thane.

Kukula kwa tayala ndiko kumaoneka msanga. Tayala la 80mm likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi 251mm, pomwe la 70mm limayenda pafupifupi 220mm, choncho pa liwiro lofanana maberingi amazungulira pang'ono. Phindu lalikulu, komabe, lili pa mmene tayala limakumanirana ndi chopinga. Tayala lalikulu limakwera kamwala kapena mpata wa njerwa mopendekeka pang'onopang'ono, pomwe laling'ono limachigunda ngati khoma. Pamolumikizira konkire pamene kale ndinkayamba ndapeputsa phazi lakutsogolo, tsopano ndimangomva kaphokoso kakang'ono thabwa n'kupitirira. Likayamba kuthamanga limasunga liwiro kwa nthawi yaitali, moti pa njira ya ku Milnerton ndimakankha mwapatalipatali. Kuipa kwake n'kwakuti poyambira pamafunika mphamvu yochulukirapo, ndipo thabwa limakwera m'mwamba ndi 5mm, zomwe zimamveka m'bondo la mwendo wotsalira pathabwa ulendo ukatalika. Amene amayenda moimaima, monga pakati pa anthu ambiri ku Sea Point Loweruka masana, sapindula kwenikweni ndi kukula kumeneku.

Mbali imene ogula ambiri saiyang'ana, koma imene ndikuona kuti ndiyo imalamulira khalidwe la tayala, ndi kaumbidwe ka m'mphepete mwake. Kegel ndi lotambalala 56mm, ndipo 56mm yonseyo imagunda pansi chifukwa m'mphepete mwake ndi mwa ngodya yakuthwa, mosadulidwa mozungulira. Munthu akapendeketsa thabwa pokhota, kulemera kumapita kumphepete kumeneku, komwe kumapindika pang'ono n'kumamatira m'timaenje ta phula m'malo motsetsereka pamwamba pake. Matayala atsopano amabweranso ndi khungu losalala lonyezimira lochokera m'chikombole, ndipo khungu limeneli, ngakhale limaoneka loterera, ndilo limagwira kwambiri phula louma. Pa malo otsetsereka amene ndimayesererapo, pali khona limodzi lolowera kumanzere limene matayala akale ankayamba kulira n'kuthawira kunja ndisanafike pakati. Ndi Kegel ndimalowa pa liwiro lomwelo, thabwa n'kutsatira mzere umene ndasankha mpaka kutuluka, popanda kugwedera kulikonse pansi pa mapazi.

Kugwira kumeneku kuli ndi mbali yake ina. Tayala lomamatira chonchi limakana kukhwekhwerezeka, ndipo kuti lilole pamafunika liwiro lalikulu ndi mphamvu, kenako likalola limachepetsa liwiro mwadzidzidzi n'kugwiranso msewu mofulumira. Kwa akatswiri otsika mapiri zimenezi ndi zofunika, chifukwa amafuna kudula liwiro m'kanthawi kochepa asanalowe pakhona. Kwa wophunzira ndi zoopsa, chifukwa tayala likagwira mwadzidzidzi thabwa lili chopingasa, thupi limapitirira kumene limapita. Pa ntchito yophunzirayo pamafunika tayala laling'onoko, la m'mphepete mozungulira, limene khungu lake analipala kale kufakitale. Kampani yomweyi ili ndi lotero lotchedwa Stimulus la 70mm. Ndikuona kuti munthu amene amafuna zonse ziwiri achita bwino kukhala ndi magulu awiri a matayala n'kumasintha, kusiyana ndi kufunafuna tayala limodzi lochita zonse, chifukwa mphepete yakuthwa ndi yozungulira sizingakhale pa tayala limodzi.

Pakati pa tayala pali habu yolimba imene imasunga maberingi, ndipo ya Kegel ndi yaikulu, ya 46mm. Tikachotsera pa 80mm, timapeza kuti polyurethane wokuta habuyo ndi wochindikala 17mm basi. Poyamba ndinkaopa kuti kuchepa kumeneku kuchititsa tayala kukhala louma pa njerwa, ndipo n'zoona kuti silimeza kunjenjemera kofanana ndi tayala lalikulu la habu yaing'ono. Koma habu yaikulu imachirikiza tayala kuti lisaphwanyike kwambiri pansi pa kulemera, zomwe zimawonjezera liwiro, zimachepetsa kulemera kwa tayala, ndipo zimathandiza kuti lizidyeka mofanana kuzungulira konse. Habuyi sinaikidwe pakatikati penipeni, inasunthira pang'ono cha mkati, kumbali ya thabwa, kotero kuti mphepete yakunja imakhala yaitali ndi yotha kupindika. Opanga ma skateboard oyendera magetsi anaikonda kwambiri habu imeneyi chifukwa cha mabowo ake omwe amakoletsamo chozunguza cha lamba, moti masiku ano dzina la Kegel limagwiritsidwanso ntchito potchula mtundu wa habu pa zipangizo zawo.

Pa nkhani ya kukhalitsa, ndiyambe ndi mmene matayala akale anathera, chifukwa anaonetsa matenda onse atatu a matayala a longboard. Limodzi lakumbuyo linaphwatalala mbali imodzi. Izi zimachitika thabwa likakhwekhwerezeka litapingasa kotheratu, tayala n'kusiya kuzungulira, phula n'kudya malo amodzi okha. Kuchokera pamenepo linkamveka gudugudu pa liwiro lililonse, ndipo malo ophwatalalawo ankakulirakulira chifukwa tayala linkakonda kuimira pomwepo. Ena awiri anadyeka kwambiri mbali yamkati kuposa yakunja, n'kukhala ngati ndowa yogonekedwa chammbali, yaikulu uku yaing'ono uku. Lachinayi linabenthuka m'mphepete, tizidutswa tikunyotsoka pamene linagunda zigumukire za phula.

A Kegel sanachite chilichonse mwa zitatuzi. Khungu lonyezimira linatha pang'onopang'ono kuyambira pakati, ndipo tsopano pamwamba pake m'potuwa ndi pokhakhala pang'ono, koma ndikapalasa chala m'mphepete ndimamvabe ngodya. Ndikalizunguza m'manja n'kuliyang'ana moyang'anizana ndi kuwala, silidumphadumpha. Pali timabala ting'onoting'ono pamene magalasi osweka analasa, koma sitinang'ambike kupitirira. Ndiyenera kunena mosabisa kuti kukhalitsa kumeneku kukugwirizana ndi kayendedwe kanga, chifukwa ndimaima pogunditsa nsapato pansi ndipo sindiwakhwekhwereza kawirikawiri. Tayala lililonse la 80a limadyeka msanga likamakhwekhwerezedwa tsiku ndi tsiku pa phula lokhakhala, ndipo mphepete yakuthwa ikangozungulira, kugwira kumene munalipirira kumatsika. Chinanso chimene chathandiza ndi kusinthanitsa matayala mopingasa, lakutsogolo kumanzere kupita kumbuyo kumanja, nthawi iliyonse imene ndikutsuka maberingi. Matayala a habu yapakatikati mungathenso kuwatembenuza kuti mbali yakunja iyang'ane mkati, koma a habu yosunthira mbali ngati awa ndi bwino kuwasiya akuyang'ana mmene anapangidwira.

Pa msewu wonyowa sindikuwapatsa ulemu uliwonse wapadera. Polyurethane wosalala alibe mizere yotulutsira madzi ngati tayala la galimoto, ndipo kutambalala kumene kumathandiza pouma sikupulumutsa munthu pa mvula ya June ndi July. Pa njerwa zonyowa ndi pa mizere yopentedwa ndimayenda pang'onopang'ono ndi kukhota motalikira. Mchenga woonda umachitanso chimodzimodzi, ngakhale kukula kwa tayala kumathandiza kuti lisatitimire pamene waunjikana.

Maberingi amagulidwa paokha. Ndi a mtundu wa 608, omwe bowo lake ndi la 8mm ndipo kunja kwake ndi 22mm, awiri pa tayala lililonse. Pakati pawo payenera kukhala kachitsulo kowatalikitsa, ndipo ndikulimbikitsa kuti kasamasiyidwe, chifukwa popanda iko nati ikamangidwa imapana maberingi, ikamasulidwa tayala limagwedera pa ekiselo n'kumalira pokhota. Mpweya wamchere wa kunyanja umachititsa dzimbiri msanga, choncho kuwapukuta ndi kuthira mafuta opepuka ndi ntchito yosalephereka kwa ife oyenda m'mbali mwa gombe.

Mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi matayala wamba, makamaka kuno kumene amachita kuitanitsidwa kuchokera kunja, koma poona mmene alili pano ndikuona kuti ndalamayo sinapite pachabe. Posankha kulimba, a Orangatang amasiyanitsa ndi mitundu: abuluu ndi 77a, alalanje ndi 80a, ndipo apepo ndi 83a. Munthu wopepuka kapena woyenda pa phula lokhakhala adzamva bwino ndi ofewa, pomwe wolemera thupi kapena woyenda posalala adzapeza liwiro pa olimba, chifukwa tayala lofewa limafinyika kwambiri pansi pa munthu wolemera. Ine ndi wa thupi lapakatikati ndipo 80a inandikwana.

Musanagule, yesani kaye ngati thabwa lanu lili ndi malo okwanira tayala la 80mm. Pa thabwa lodulidwa m'mbali pamwamba pa matayala, ngati langa, palibe chovuta. Pa thabwa limene limaphimba matayala, tayala lalikulu likhoza kukhudza thabwa pokhota n'kuima nthawi yomweyo, ndipo kugwa kwake kumakhala koipa chifukwa sikuchenjeza. Mukamanga matayala, imani pathabwa pa kapeti kapena pa udzu, mupendekere mbali imodzi ndi kulemera kwanu konse, wina ayang'ane ngati pakutsala mpata pakati pa tayala ndi thabwa. Ngati mpata ndi wochepa, ikani zokwezera za pulasitiki za 3mm kapena 6mm pakati pa thabwa ndi zitsulo zogwira matayala, mugule mabawuti aataliko, ndipo muyesenso mbali zonse ziwiri musanatuluke panja.